Ndege ya Kaputeni m'Shopu ya Alamu

"Tayiwonani ndege iyi, Kaputeni, mwina nanunso mungaphunzirepo kanthu," anatero kasitomala, akutembenuza laputopu yake pa kauntala.

Kaputeni anali wokonza makompyuta. Dzinali anam'patsa anzake momuseka, poti ali wachinyamata ankafunitsitsa kuyendetsa ndege koma madokotala anam'bweza chifukwa cha maso. Kuyambira pamenepo ankangoulukira pa kompyuta, mu gemu yophunzitsa kuyendetsa ndege. Kwa zaka zingapo anapanga ndege yakeyake ya mu gemuyo, ya injini ziwiri, akujambula bawuti ndi batani lililonse. Atamaliza anaiika pa intaneti kwaulere, n'kulembapo kuti aliyense atenge, koma asaigulitse ndipo asachotse dzina lake.

Ndege imene inali pa laputopupo inali yomweyo. Kumchira kokha n'kumene kunasintha: dzina lake analifufuta, n'kulembapo "Ndege za Dilu".

"Mwaitenga kuti?" anafunsa Kaputeni.

"Ndagula kushopu ya magemu, kwa a Dilu. Akuti anapanga okha. Mutu umagwira bambo aja!"

A Dilu anali mwamuna wa chemwali wake. Kaputeni anatseka chitseko n'kuliyatsa la kushopuko. Anawapeza atakhalira mpando wozungulira, akudzaza ndegeyo m'mafulashi.

"Alamu, ndege yanga ikutani pa shelefu yanu?"

"Aa, alamu, khalani pansi kaye. Si munati ndi yaulere? Chaulere chilibe mwini."

"Nanga dzina langa?"

"Dzina amadya? Inu mumangotaya chuma pa intaneti ngati madeya. Ine ndatola, ndipo akudyerapo ndi ana a mlongo wanu." Anaseka, n'kumugwira paphewa. "Mungandichite chiyani? Mbalame ikatera pauta silasika."

Anyamata amene ankasewera magemu m'shopumo anaseka nawo. Mmodzi anakuwa kuti, "Kaputeni wopanda ndege!"

Kaputeni anatuluka makutu akutentha. Akanatha kungodandaula kwa eni tsamba la intaneti limene a Dilu ankatsatsirapo malondawo, koma mtima wake sunkafuna zachete. Anam'seka pagulu, ndiye nayenso ankafuna gulu.

Anadikira mpaka nkhani itazizira. Kenako Loweruka lina anapita kwa chemwali wake atanyamula zipatso za ana, nkhope ili mwee.

"Alamu, ndinapsa mtima pachabe," anatero. "Nayi ndege yatsopano mu fulashi iyi, sindinaitulutse n'komwe. Injini ikulira ngati yeniyeni."

A Dilu analandira fulashiyo ndi manja awiri. Anaiyesa pang'ono, ndege inanyamuka bwinobwino, iwo n'kuizimitsa mwachimwemwe. Sanadziwe kuti msampha unali m'mwamba, ndege ikalowa m'mitambo.

Anakonza mpikisano woitsatsira. Shopu inadzaza mpaka pakhonde, sikirini yaikulu ili pakhoma, a Dilu atavala chipewa cha oyendetsa ndege, akuiyendetsa okha. Kaputeni anaima kumbuyo, atapinda manja.

Ndege inathamanga, inanyamuka, anthu anaomba m'manja. Itangolowa m'mitambo, injini zonse zinazima. Pamapiko panatuluka zilembo zofiira: NDEGE IYI NDI YAULERE. WOKUGULITSANI WAKUBERANI. Kenako m'masipika munamveka mawu a Kaputeni, odekha ngati a woyendetsa ndege weniweni: "Okwera nonse, mangani malamba. Amene akuyendetsayu ndi wakuba."

Ndege inazondoka n'kukagwa m'munda.

Kenako chiseko chinaphulika, ena akujambula pa mafoni, ena amene anagula kale akumenya kauntala kuti awabwezere zawo. A Dilu anavula chipewa, thukuta lili kamukamu, maso akufunafuna mlamu wawo. Kaputeni anawakwezera dzanja ngati msilikali, n'kutuluka.

Kanemayo anafalikira paliponse. Eni tsamba lija anatseka akaunti ya a Dilu, makolo analetsa ana awo kupita kushopuko, ndipo mumsewu anthu akawaona ankatambasula manja n'kumalira ngati injini yozima.

Tsiku lina chemwali wake anafika kuntchito kwake. Anakana mpando.

"Achimwene, mwakhuta?"

"Anandiba, achemwali. Anandisekanso."

"Ndikudziwa, ndipo ndinawauza kuti alakwa. Koma ana anga akuwatcha ana a wakuba kusukulu. Mukanabwera kwa ine kaye." Anapukuta m'maso. "Alamu anu akuti mulembere eni tsamba aja kuti munagwirizana, kuti unali mseketso chabe. Akatsegulire akaunti."

Kaputeni anayang'ana mlongo wake. Mlongoyo anali ataonda, ndipo Kaputeni zinamupweteka.

"Za ana ndithandiza, chilichonse chimene chikusowa mundiuze. Koma bodza limenelo sindilemba. Abwere okha, adzanene pagulu kuti ndege ija anapanga ndani."

"Mukuwadziwa, sangabwere."

"Ndiye akhale choncho."

Chemwali wake anatola chikwama n'kutuluka osatsanzika. Kaputeni anamuyang'ana mpaka anakhota pakona. Kenako anakokera pafupi kompyuta ya kasitomala, n'kuyamba kumasula masikuluwu.