Pakamwa pa Narae, Mawu a Mwana Wina

Nyimbo yoyamba isanafike n'pakati pomwe, amake Narae anaika pansi maluwa amene anagula kusiteshoni. Pasiteji panali mwana wawo ndithu, manja ali m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Koma mawu amene anadzaza holo ya kolejiyo sanali ake.

Anakodola mayi amene anakhala naye pafupi. "Inu mukumva bwanji?"

"Akuimba mokoma zedi. Ndi wanu?"

"Nkhopeyo ndi ya kwathu. Mawuwo sindikuwadziwa."

Mayi uja anawayang'ana cham'mbali n'kusendera uko.

Amake Narae anali atatseka benchi lawo la kimchi, ndiwo ya kabichi wowawasa, kumsika wa ku Jinju, Loweruka lamalonda, kuti adzaonere sewero loimbali ku Seoul, likulu la South Korea. Koleji yaikuluyi anasankha yekha Narae. Inalipo ina yaing'ono, kumene mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi n'kumamuphunzitsa kapumidwe ndi katulutsidwe ka mawu, koma iye anakana. "Kumeneko amaimbira makoma, amayi. Uku masewero ndi chaka chonse." Analidi chaka chonse. Ili lisanathe, lina layamba kale.

Sewero lamasanalo litangotha, amake anakankha chitseko choletsa alendo n'kulowa kuseri. Anam'peza Narae m'chipinda chovalira, pakati pa atsikana ochuluka ngati nyerere.

"Amayi!"

Mawu ake anali kamphepo chabe, kokanda ngati sandipepa.

"Tabwereza."

"Amayi..."

Amake anagwira mpando. N'chifukwa chake miyezi yonseyi mwanayu ankangolemba mauthenga, akamuimbira foni osayankha.

"Dokotala akuti ndili ndi timatuza pakhosi," ananong'ona Narae. "Ndikhale chete miyezi iwiri. Ndikapitiriza, mawu sadzabwereranso."

"Nanga ukutani pano?"

"Ukangosiya malo, anthu makumi asanu ali pamzere."

Pomwepo analowa aphunzitsi a Tak, oyang'anira sewerolo, nkhope ili mwee. "Amayi, mwamva mmene anthu aombera m'manja?"

"Amaombera yani?"

A Tak anatsokomola. "Zimachitika izi, musadandaule. Zoyankhula ndi nyimbo zotsika akuchita yekha. Zokwerazo akumuimbira Bomi kuseri kwa katani. Palibe amene wazindikira."

"Ine ndine palibe? Tandiuzani, mukamawaphunzitsa kuimba amakhala angati?"

"Kalasi yathu ndi yaikulu ndithu. Koma siteji payokha ndi mphunzitsi."

"Munamumvapo mwanayu akuimba yekha, inu ndi iye basi?"

A Tak anayang'ana kudenga. "Tsiku limene ankayesedwa kuti alowe."

"Zaka zitatu zapitazo!" Amake Narae anagwira pakamwa.

Pakona panali kamtsikana kovala zakuda, kakumwa madzi. "Ndiwe Bomi? Iwe umaoneka liti pasiteji?"

"Sindinapondepo, amayi. Akuti ndine wamfupi."

"Mayo ine! Mwatenga ana awiri a eni ake n'kusoka munthu mmodzi? Uyu khosi, uyu miyendo. Ngakhale nkhuku sitigulitsa choncho kumsika."

Wina anaphulika kuseka, mnzake n'kumutsina.

"Amayi, sewero lamadzulo layandikira," anatero a Tak, kumwetulira kutatha. "Akachoka lero, chaka chino chapita. Adzabwereza."

"Abwereze. Chaka china chibwera chokha. Khosi lina mum'gulira inu?"

Anam'gwira Narae chibwano n'kumatula kamaikolofoni kamene kanamatidwa patsaya pake. Narae anatsegula pakamwa, misozi ili mbwee.

"Tseka! Miyezi iwiri ija yayamba pano. Ukafuna kunditukwana, ulembe pafoni, unazolowera kale."

Narae anayang'ana a Tak. A Tak ankayang'ana wotchi, kenako Bomi, kumuyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Narae anaziona zimenezo. Anapita kuseri kwa nsalu, n'kutulukako atavala juzi lake, diresi la sewero lili m'manja. Analipereka kwa Bomi.

"Lindikulira," anatero Bomi.

Amake Narae anausa moyo, anavula nsapato, n'kukhala pansi pomwepo.

"Bwera kuno, Bomi, ima mowongoka. Wina andipatse singano, sitima isatisiye."