Katodi Yanga ndi Maso a Wendell

Chiyambireni pamene selo yanga inayamba kuchita zodabwitsa, Wendell sankachoka pafupi ndi ng'anjo yanga.

Mu labu yathu timawotcha timaselo tadongo tonga mabatani a jekete, timene timatulutsa magetsi tikafiira ndi moto. Ntchito yanga ndi katodi, nkhope ya selo imene imakoka okosijeni mumpweya. Kwa zaka ndinkasakaniza ufa wakuda wamitundumitundu osaphula kanthu. Kenaka selo imodzi inatulutsa mphamvu yoti sitinaionepo. Dokotala Halvorsen, mkulu wa labu, anati ndikalankhule za ufawo kumsonkhano ku Vancouver. Digiri yanga yonse inatsamira pa kabatani kameneko.

Wendell, wophunzira mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa, ali ndi maso a munthu wosunga chinsinsi. Ndinampeza kangapo akusuzumira m'kabati yanga. Kenaka botolo la ufa wanga linapepuka. Kodi akufuna kundibera? Kapena akungofuna chifukwa choimira pafupi nane? M'basi popita kwathu, chipale chofewa chikugwa pazenera, ndinkasankha ganizo lachiwirilo, koma ndikalowa mu labu loyambalo linkabwerera.

Lachinayi masana ndinanamizira kupita kukamwa khofi, n'kubwerera panjira. Ndinampeza akuchotsa selo m'makina anga oyesera.

"Mbava iwe, ukutani pamakina anga?"

"Delphine, tsitsa mawu."

"Nditsitse? Ufa wanga ukuthira mu supu kapena?"

"Ndinatapako, inde. Taona kaye izi."

Anaika maselo awiri patebulo.

"Iyi ndi ya ufa wako. Golide ndapaka ndi burashi yatsopano. Ndi yofooka ngati zako zakale zija. Inayi ndi ya ufa wamba wogula, koma ndapaka ndi burashi yako. Ikuthamanga ngati hatchi."

Pamwamba pa katodi timapakapo golide kuti mawaya agwire. Timasankha golide chifukwa ndi waulesi, sathandiza katodi pa ntchito yake. Pulatinamu ndiye amathandiza, ngakhale kadontho chabe, n'chifukwa chake burashi sitibwerekana.

"Selo yako ija usanaipange, burashi yanga inauma," anatero Wendell. "Ndinatenga yako, ndinapakira pulatinamu, n'kuitsuka, n'kuibwezera. Ndinkati yayera."

"Ndiye ukundiuza lero, Wendell? Tikiti ya ndege itagulidwa kale?"

"Unkaimba ndi chimwemwe m'khonde muja, mtsikana iwe. Ndikanayambira pati? Ndinafuna nditsimikize kaye."

Ndinamuyang'anitsitsa m'maso, kufufuza chimene ndinkachilota m'basi chija. Ndinaonamo mantha. Mwina munalinso china, sindikudziwa. Sindikudziwanso ngati munthu wosamala ngati iyeyo angaiwaledi kuti burashi sitibwerekana. Chaka chatha ku msonkhano kunapita iye.

"Palibe wina akudziwa," ananong'ona. "Ukafuna, ndikhala chete."

"Kuti undigwire pakhosi moyo wanga wonse? Nyamula maselo onsewo."

"Tikupita kuti?"

"Kwa abwana. Ukayambe kulankhula ndiwe."

Dokotala Halvorsen anali akudya sangweji pamene tinalowa. Anamvetsera mpaka pamapeto, anapukuta zala, n'kukweza selo yanga powala.

"Ku Vancouver sukupita, Delphine," anatero mofatsa. "Uyambirenso Lolemba."

Ndinapempha kuti andipatse kabati yokhala ndi loko.