Zala za Amake Mapasa

Makina a ku ofesi ya unzika anakana zala za amake mapasa kawiri konse. Akaika chala pa kagalasi, kanyali kankayaka kofiira. Kalaliki ankapukuta galasilo, kuwagwira chala china, koma ayi ndithu. Zaka khumi ndi zitatu akuchapa nsalu za pabedi ku hotela, mankhwala oyeretsera anali atadya timizere tonse, zala zili see ngati sopo wokutha. Kalalikiyo anati makina akadzakana kachitatu, mayiwo adzangobweretsa kalata ya dokotala, nkhani ipitirire popanda zidindo.

Amake mapasa anatuluka mtima uli m'malo, chifukwa panali chimene ankachidziwa okha. Ali mtsikana, asanabwere ndi chiphaso cha ntchito, anayamba alowapo m'dziko lachilendoli podzera kutchire. Apolisi anawagwira, kuwadinda zala zonse khumi, n'kuwabweza pa lole. Zidindozo zinali zikadali kwinakwake m'mimba mwa makina. Ndipo pa fomu ya unzika panali funso lakuti kodi munabwezedwapo. Wonama pamenepo amabwezedwanso, koma ana obadwira komweko sakwera nawo loleyo.

Bodzalo sanalembe ndi iwo. Analemba ndi a Mlangizi.

A Mlangizi anali mphunzitsi wopuma amene Lachiwiri lililonse ankakhala pa tebulo m'holo ya tchalitchi kuthandiza obwera kudzaza mafomu, atavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. M'thumba la pachifuwa munkakhala zolembera zitatu, ndipo chofiiracho sankabwereketsa. Munthu wabwino, palibe angatsutse. Vuto lawo linali lakuti akafunsa funso ankaliyankha okha. Atafika pa funso lija anangoyang'ana mpango wa amake mapasa, n'kunena kuti mayi wopemphera chonchi kumufunsa zoterezi n'kumunyoza. Anachonga "ayi". Amake mapasa anatsegula pakamwa, koma kumbuyo kwawo kunali mzere wa anthu otchera khutu, ndipo tsamba linali litatembenuzidwa kale. Kumapeto a Mlangizi anasaina pamalo a wothandiza kudzaza, siginecha yaitali yokhala ndi mchira.

Atamva za kalata ya dokotala, a Mlangizi anavula magalasi. Anati chiyambire kukhala pa tebulo limenelo, munthu wawo sanalowepo unzika podzera khomo lakuseri ngati wodwala. Mawa lake anatulukira ku hotela ndi botolo la mafuta odzola ndi magolovesi. Anamulankhula kapitawo mawu akuluakulu mpaka iye anawasamutsira amake mapasa kopinda matawulo. Anafikanso kunyumba kukalamula bambo a mapasa kuti kwa milungu itatu mbale azitsuka ndi iwo. Bamboyo, amene za lole ija sankazidziwa, ankatsuka uku akudandaula kuti unzika ndi wa mkazi koma manja akutha ndi ake.

Zala zinayamba kubwerera. M'mawa uliwonse amake mapasa ankaziyang'ana pa zenera, timizere tikutuluka pang'onopang'ono ngati nkhope ya munthu amene unamuthawa kalekale. Anzawo ku ntchito ankawaseka kuti asanduka dona. Tsiku lina anazembera ku chidebe cha mankhwala kuti aviikemo manja, koma kapitawo anawakuwa asanavule ndi golovesi lomwe. A Mlangizi anali atamusiyira nambala ya foni, ati aziwayang'anira mayiwo.

Tsiku lobwerera ku ofesi, a Mlangizi anagogoda mapasa asananyamuke kupita kusukulu. Anayendera zalazo chimodzichimodzi, mmene ankayenderera zikhadabo za ana pa mzere, n'kulengeza kuti zakhoza. Amake mapasa anawamangira anawo zingwe za nsapato, ngakhale anali odziwa kumanga okha, ndipo anawauza kawiri pamene pamakhala kiyi.

Ku ofesi anakhala pa benchi loyang'anizana ndi chitseko china chosalembedwa kanthu. Pambali pake panali mlonda amene sankayang'ana munthu aliyense.

"Bambo," anatero amake mapasa chapansipansi, "funso lija la kubwezedwa simunandifunse."

"Mayi, ine mafunso onse aja ali pamtima. Limene lija ndi la anthu ena."

"Ndine mmodzi wa anthu enawo."

A Mlangizi anagwira zolembera zawo, ngati kuti wina akufuna kuwalanda. Nthawi yomweyo nambala ya amake mapasa inaitanidwa.

Kanyali kanayaka kobiriwira pa chala choyamba chomwe. Kalaliki anamwetulira, n'kunena kuti amene wasamalira manjawa amadziwa ntchito yake. Kenako kompyuta inalira kamodzi. Iye anawerenga, kuwerenganso, n'kuitembenuzira kukhoma. Anatenga foni, nalankhula mawu atatu okha. Atatero anatsegula fomu ija pa tsamba lomaliza, chala chake n'kuima pa mchira wa siginecha.

"Amene anathandiza kudzaza ndinu, bambo?"

A Mlangizi anayang'ana kudenga. Kumbuyo kwawo mlonda uja anali atatsegula kale chitseko chija. M'katimo munali tebulo ndi mipando iwiri yowadikira onse awiri. Amake mapasa ndi amene anayamba kuimirira, akupukutira mafuta a m'manja pa siketi.