Mizere Iwiri Yogundizana

Ntchito ya mayi wina inali yotumiza mauthenga ochenjeza anthu pa foni kukagwa ngozi. Pa kompyuta yake panali mizere iwiri yogundizana, ya zilembo zofanana: wam'mwamba "Chenjezo loyeserera", wam'munsi "Chenjezo lenileni". Polowa ntchito anangomuonetsa mwapatalipatali, basi maphunziro n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina akuyeserera, anadina mzere wam'munsi. Mafoni a mumzinda wonse analira, ati damu laphulika, thawirani kumtunda. Anafunafuna pobwezera uthengawo koma panalibe. Mmene abwana amapeza njira yowutsutsira n'kuti anthu atadzaza kale m'misewu, ndipo mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, atagwa pa masitepe pothawa n'kuthyoka mwendo.

Sanamuchotse ntchito. Anangomusamutsira m'kachipinda kakuseri, mosungira mipando yothyoka. Anzake akakumana naye pakhonde ankayang'ana m'mafoni mwawo. Akaimbira achimwene ake, foni inkangoitana mpaka kuduka.

Kenaka kunabwera wokonza mapulogalamu, bambo wamagalasi wonenepa.

"Mayi, tandionetsani mmene zinayendera," anatero.

Anamuonetsa. Bamboyo anapenyetsetsa mizere ija, akupukusa mutu.

"Komatu apa aliyense akanaphonya. Palibe anakuuzanipo zimenezi?"

"Palibe amene wandiuza chilichonse, bambo."

Bamboyo anailekanitsa mizereyo. Weniweni anaupaka zofiira n'kuuika pakona pawokha, woti sungapite popanda munthu wachiwiri kuvomereza. Anaikanso batani lobwezera. Atamaliza anamugwira chanza n'kumapita, osabweranso.

Chaka chisanathe, abwana anamupatsa ntchito yophunzitsa olembedwa kumene, poti panalibe wina woifuna. Woyamba anali mtsikana wolongolola, wa zikhadabo zazitali.

"Anti, ndinamva kuti munthu anasokoneza uja anamuthamangitsa," anatero mtsikanayo akukoka mpando. "Amayi anga mpaka lero amamutukwana. Anathawa ndi wailesi kumutu, mankhwala awo a shuga n'kuwasiya!"

Anaseka yekha. Mayiyu anangomusendezera kiyibodi.

"Muziyamba mwawerenga mzere wonse, mokweza, musanadine. Tayesani."

Mtsikanayo anawerenga, anadina.

"Bwerezaninso."

Anabwereza mpaka masana. Njala itamugwira, anatulutsa kambale kake m'chikwama n'kuunguza m'kachipindamo.

"Kodi kuno timadyera pati, anti?"

Kuseri kwa khoma kunkamveka kuseka ndi kulira kwa masipuni.

"Tulukani mukhotere kumanja, anzanu ali uko."

"Nanga inuyo?"

"Ndikupezani."

Mtsikanayo atatuluka, mayiyu anakankha chitseko, anayala nyuzipepala pa desiki n'kutsegula chakudya chake.