Shifiti ya Usiku ku Chamboli

Basi inamutsitsa pamsika wa Chamboli kutada kale. Jairus Mbewe anaima pambali pa tiranki lake, osadziwa kolowera. Ulendo unali utamudya. Basi kuchokera ku Katete. Sitima kuchokera ku Lusaka. Sitimayo n'kufera pa Kabwe tsiku lathunthu. M'kalata anati afika Loweruka. Apa linali Lamulungu.

Chakumadzulo thambo linafiira ngati mudzi ukupsa. Palibe anathamanga. Unali mgodi chabe, ukukhuthula makala ake.

A kukoleji ya zaumisiri mu Kitwe anamulembera mosabisa: malo m'kalasi alipo, bedi palibe. Chibwerere ufulu, ana asukulu anachuluka kuposa zipinda. Amalume ake, a Esau Mwale, ogwira ntchito mumgodi, anayankha ndi mawu amodzi: bwera.

Anasenza tiranki. Nyumba zinali m'mizere, zofanana ngati mazira. Anayatsa machesi khomo ndi khomo, kuwerenga manambala. Galu anauwa. Mphepo ya Juni inalowa m'jekete. Pa mzere wachisanu anaipeza.

"Odi!"

Zii.

"Odi kuno!"

"Nimwe bani?" anafunsa mkazi m'kati, m'Chibemba chouma cha munthu wochita kuphunzira.

"Ndine Jairus. Mphwa wa a Mwale."

Mapazi anafika pachitseko. Chitseko sichinatseguke.

"A Mbewe? Tinakudikirani dzulo. Nkhuku yanu inaphedwa, inadyedwa."

Anali Mainess, mkazi amene amalume anakwatira mkazi wawo woyamba atamwalira. Jairus anali asanamuonepo. Kumudzi ankangoti ndi wamng'ono, msinkhu wa Jairus yemweyo.

"Sitima inafa, azakhali. Amalume agona?"

"Ali mumgodi. Ayamba shifiti ya naiti lero. Atuluka sikisi koloko."

"Nditsegulireni, ndiwadikira pampando."



"Sindingathe."

Jairus anaseka, kuyesa nthabwala. M'kati munalibe woseka.

"Mverani, a Mbewe. Kuno mwamuna akakhala pansi mumgodi, mwamuna wina sagona m'nyumba mwake. Mwala ukagwa safunsa mwala. Amafunsa mkazi. Chaka chatha mayi wina wa mzere wakumbuyo anasunga telala usiku wamvula. M'mawa mwamuna wake anatuluka mumgodi wopanda mwendo. Azimayi anzake anamuperekeza kusiteshoni ndi miyala."

"Koma ife ndife a tchalitchi."

"Abusa sakhala mzere uno."

"Ine ndi mwana wa m'nyumba."

"Mwana? Mawu anzerewerewo ndi a mwana?" Apa ndiye anaseka, kuseka kwakufupi. "Inu ndinu mphwa. Kwathu mwamuna akafa, chokolo amalowa ndani? Adzati munabwera kudzayesa mpando mwini wake akadali moyo."

Jairus anamva makutu kutentha. Masamu ankawadziwa, Chingerezi ankachidziwa. Zimenezi sanaziganizeko ngakhale kamodzi panjira yonse.

Zenera linatseguka pang'ono. Dzanja linatulutsa bulangete, kenako mbatata ziwiri zozizira.

"Khalani pakhonde pomwepo, muyedzamire chitseko. Musayatse machesi. Anthu akadutsa, musawayankhe. Chibemba mumachidziwa?"

"Ayi."

"Ndiye mukhale bubu."

Anakhala pa tiranki, msana kuchitseko. Anamva mpando ukukokedwa m'kati, n'kuima tsidya linalo. Pakati pawo panali thabwa lokha.

"Mtedza wachita chaka chino?" anafunsa Mainess motsitsa mawu.

"Wachita. Nkhokwe zikukana."

"Nanga mlatho wa kwathu uja anakonza?"

"Akadakonzabe pakamwa."

"Ndinadziwa." Anapumira m'mwamba. "Lankhulanibe, a Mbewe. Chilichonse. Miyezi eyiti ndili kuno. Chichewa ndimalankhula ndi amalume anu, ndi Mulungu, basi. Ndipo onse awiri sayankha kwambiri."

Jairus analankhula. Za maliro a agogo ake a uje, za ng'ombe imene inalowa m'tchalitchi, za mphunzitsi wothawa ndi mkazi wa wokhometsa msonkho. Mainess ankangoti "Ah-ah!" ndi "Musanene!" Kenako mawu anamuthera. Tulo tinayamba kumukoka.

Anadzidzimuka ndi kuwala kwa tochi kumaso. Amuna atatu. Fungo la mowa. Mmodzi anagunda tiranki ndi nsapato n'kunena china chake m'Chibemba.

Jairus anaimirira, bulangete n'kugwa. Anaiwala za ububu.

"Pepani madala, ndine mlendo."

Amuna aja anayang'anana. Wa tochi anasekerera.

"Mulendo," anatero, akutafuna Chinyanjacho ngati fupa. "Takulandira."

Chibakera chinamupeza pamwamba pa diso. Anagwa. Wina anamuvula jekete ngati akusenda nthochi. Wina anayamba kukoka tiranki la mabuku, lolemera ngati maliro.

M'nyumba munalira chitsulo. Mainess ankamenya beseni ndi mthiko, akukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Bakabolala! Akuba! Akupha munthu kuno!"

Magetsi anayaka nyumba iyi, iyo, inayo. Amuna aja anasiya tiranki, nathawa ndi jekete. Mapazi awo anazimirira kumsika.

Palibe anatuluka. Makatani okha anagwedezeka. Maso anali pamazenera onse.

Jairus anagwada pasimenti, magazi akudontha m'manja mwake. Anamva mpiringidzo ukusololoka.

"Musatsegule, azakhali. Akuona."

"Aone. Ndikawauza chiyani amayi anu? Kuti munafera pakhonde panga ine ndikusunga mbiri? Lowani!"

Analowa. Chipinda chimodzi chochezera, wayilesi, kalendala ya kampani, chithunzi cha ukwati. Mainess anali wamfupi, wovala duku. Anamusambitsa bala ndi madzi amchere osamuyang'ana m'maso. Anamuyalira mkeka pansi. Chitseko chakunja anachitseka, katani anaisiya yotsegula, nyali ikuyaka, kuti wofuna kuona aone.

"Gonani."

"Nanga inu?"

"Ine ndili ndi ntchito."

Ntchito yake inali kumvetsera. Anakhala pampando, Baibulo lotseka pamiyendo. Galimoto ikamveka kumsewu wa kumgodi, ankaimirira, kuopa kuti yabweretsa uthenga wa ngozi. Ikapitirira, ankakhala. Jairus anatseka maso, koma anawerenga. Kanayi. Kasanu. Kachisanu ndi chimodzi galimotoyo inachepetsa liwiro pamutu pa mzere wawo. Mainess anagwira pakamwa. Inakhota kulowera kwina. Mayiyo anagwera pampando ngati thumba.

"Azakhali."

"Simunagone?"

"Naiti imabwera kangati?"

"Sabata imodzi pa masabata atatu."

Jairus anawerengera mumtima. Maphunziro ake anali a zaka zitatu.

Tambala woyamba atalira, anapinda bulangete. Anamanganso chingwe cha tiranki. Diso linali litatupa, kuona ngati kudzera m'ming'alu.

"Mukupita kuti? Dikirani amalume anu. Ndiwauza ndekha zonse."

"Muwauze. Muwauzenso kuti kukoleji kwapezeka bedi."

"Lapezeka liti? M'maloto?"

"Lipezeka."

"Bodza silikuyenerani, a Mbewe. Nkhope yanu ndi ya dikoni." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Kunjaku mwakuona. Mukachita lendi kwa anthu osawadziwa, adzakuphani."

"Kuno ndidzapha inu."

Mainess anayang'ana pansi. Sanatsutse. Anang'amba pepala la kalendala n'kulembapo ndi pensulo.

"Ku Mindolo kuli a Kingsford Zulu, mkulu wa mpingo. Anapuma ntchito ya mumgodi, sagwiranso naiti. Mwina ali ndi kachipinda, mwina alibe. Mukayende masana. Dzuwa likapendeka, mukhale muli m'nyumba. Ndipo Chibemba muphunzire, musamapepese akuba m'Chichewa."

"Ndamva, azakhali."

"Lamulungu muzibwera. Masana." Anazengereza. "Nkhani ya mphunzitsi ija simunaimalize."

Anamutsegulira chitseko. Kunali kutangoyera pang'ono. Tsidya la msewu mayi wina anali akusesa pabwalo posesasesa kale. Anasiya kusesa. Mainess anaima pakhomo, mutu uli chilili, n'kumupatsa moni mokweza. Mayiyo anayankha ndi mphuno.

Jairus anasenza tiranki. Malaya okha, mphepo ikumuluma. Sanacheuke.

Ali pamsika, lipenga la kumgodi linalira. Anaima, kuyesa ndi la ngozi. Linalira kamodzi, motalika, n'kuleka. Ogulitsa makala sanadzutse n'komwe mitu. Linali la masiku onse. Posakhalitsa njinga zinayamba kutulukira, amuna a zipewa zolimba, nkhope zotuwa ndi fumbi, onse ofanana. Mmodzi mwa iwo anali amalume ake, mlongo wa amayi ake. Jairus anatembenukira kukhoma mpaka onse anadutsa.

Basi yoyamba inafika. Kondakitala anayang'ana diso lotupalo, nayang'ana tiranki, n'kufunsa m'Chibemba. Jairus sanamve. Anangomuonetsa kapepala kaja, nakwera.