Maliro Opanda Mtembo

Rhoda anayamba ndi sofa. Anaikoka yekha mpaka pachitseko, ikukhulana ndi simenti, kenako anakadzutsa mwamuna wake kuti adzagwire mbali inayo. Edwell anali mlonda wausiku, ndipo kumudzutsa masana kunali ngati kuputa mavu, koma tsikulo Rhoda analibe nthawi yonyengerera munthu.

Kuyambira m'mawa komboni ya George mu Lusaka inali itatentha ndi mphekesera. Ankati kwasowa munthu, ndipo amene akusowetsa anthu ndi alendo a tuntemba, timagolosale tating'ono tija, kuti malonda awo aziyenda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kanthu ndi maso ake, komabe anyamata anali ataphwanya kale tuntemba tiwiri kumsika, ndipo tsopano ankatsika ndi msewu wa kwa Rhoda.

Chipinda chakumaso cha nyumba yawo chinali kantemba ka Angelina. Mayiyu anachoka ku Rwanda ali kumsana kwa amake, anakulira mu Lusaka momwemo, ndipo Chinyanja ankachithyola kuposa Edwell. Panthawiyi anali atabisala kuchipinda kwa Rhoda, atakumbatira khanda lake.

"Amake Given, mwapenga?" Edwell anafunsa ataona mipando yonse ili pabwalo. "Anthu azakamba ati pano pali malilo."

"Ndiye vamene nifuna," anatero Rhoda.

Edwell anakana kwa mtu wa galu. Anati kunamizira maliro n'kuitana imfa, ndipo akulu a mpingo akamva adzawadula. Rhoda anamuyankha kuti imfayo siyofunikanso kuitana, yafika kale pamsika ndipo yanyamula zitsulo. Atamuona akuzengereza anamukumbutsa za bambo ake a Edwellyo, amene anachoka ku Ntcheu kudzaphikira azungu ndipo anamwalira akutchedwabe mlendo.

"Bakayamba kupenda alendo, muganiza bazasilizila pa Angelina?"

Edwell ananyamula tebulo n'kutuluka nalo.

Woyamba kufika anali Maud, mnzake wa Rhoda wa ku Chigwirizano cha amayi. Anabwera akulira kuchokera kumpopi, manja ali kumutu, asanafunse n'komwe kuti wamwalira ndani. Rhoda atamunong'oneza zoona zake, Maud anapukuta m'maso, anamanga bwino chitenje, n'kuyambiranso kulira mokweza kuposa poyamba. Posakhalitsa amayi anadzaza pakhonde, misana yawo itatseka chitseko cha kantemba. Wina anapachika lona kubisa zenera logulitsira, ndipo azibambo atatu okalamba anakoleza moto pa chitsa n'kukhala pamipando, nkhope zili ndwii.

Rhoda anamubweza Edwell kuchipinda, poti pamaliro payenera kusowa munthu mmodzi. Edwell anang'ung'udza kuti zaka zonsezi mkazi wake ankangodikira mpata womuika m'manda. Rhoda anamupatsa khanda la Angelina kuti pakamwa pake papume.

Gulu lija linatulukira pakona likuimba ndi kuliza malikhweru. Rhoda anasuzumira pansi pa duku lake, ndipo mtima unamugwa. Patsogolo penipeni panali Given, mwana wake woyamba, woitanira maminibasi amene anasamukira kukomboni ya Matero, atanyamula chitsulo paphewa. Mnyamata yemweyo, amene Angelina ankamupatsa buledi akabwera ndi njala, ndiye ankalozera anzake njira. Kuyambira pamenepo misozi ya Rhoda inasiya kukhala yabodza.

Ngakhale woledzera amadziwa kuti pasiwa sadutsa ndi phokoso. Malikhweru anazilala, zipewa zinayamba kutsika m'mitu, ndipo miyala ina inagwera pansi mwakachetechete. Given anaima chilili. Anayang'ana sofa imene anakulirapo, anayang'ana amake akugudubuka ndi kulira, kenako anafufuza nkhope za azibambo pamoto paja. Bambo ake panalibe.

Chitsulo chinamupulumuka. Anadumpha miyendo ya amayi akufuula kuti "Atate, atate", n'kukankha chitseko chakuchipinda. Anapeza Edwell atakhala pabedi ali wamoyo bwinobwino, akugwedeza khanda logona pachifuwa pake. Pakona, kuseri kwa sutikesi, Angelina anali atanyonyomala, maso ali pa iye.

Given anali ndi chimwemwe, anali ndi manyazi, ndipo mkwiyo woti amupusitsa unkakwera pamwamba pa zonsezo. Mawu amodzi okha ochokera pakamwa pake akanakwanira kuti lona lija ling'ambidwe.

"Mtima wako unamvela bwanji pamene unali kuthamanga apa?" Edwell anafunsa motsitsa mawu.

Given anayang'ana khandalo, ndipo bambo ake anapitiriza.

"Ndiye katundu wamene unanyamulila uyu mwana. Iwe waunyamula pang'ono chabe, wagwa nawo. Iye akanaunyamula moyo wake onse."

"Given, ni ine chabe," Angelina anatero.

Panja anzake anali atayamba kutopa. Jameson, wamtali amene ankatsogolera nyimbo, ankayang'anitsitsa lona lija ndi kufunsa amayi kuti kodi pamenepa si paja panali kantemba. Maud anamuyankha ndi nyimbo yamaliro, koma mawu ake anali atayamba kusasa. Given atatuluka, maso ali psuu, Rhoda anasiya kulira n'kugwira mpweya.

"Boyi, n'ndani watisiya?" Jameson anafunsa.

"Ni va pa nyumba pathu ivi," anatero Given. "Imwe pitani. Wamene afuna kugwila chinthu pano ayambe na ine."

Anatola chitsulo chake, anakakhala pamoto pakati pa madoda aja, n'kuyamba kusonkhezera nacho makala. Jameson anakanda m'mutu, anapepesa, ndipo gulu linadutsa chamunsi, lopanda nyimbo. Anyamata awiri anatsala, poti mnzako akaferedwa sumusiya yekha. Amayi anawapatsa tiyi wotsekemera bwino, shuga wake wochokera m'kantemba komwe anabwera kudzaphwanya. Chakumadzulo kunafika galimoto za apolisi kumsika, kenako mvula inagwa n'kubalalitsa otsalawo.

M'mawa mwake Edwell anatuluka kukatsuka m'kamwa, ndipo mayi wina wodutsa amene sanauzidwe nkhani anataya ndowa n'kuthawa. George yense anaseka mpaka nthiti kuwawa. Mkulu wa mpingo anatumiza uthenga woti Rhoda akaonekere Lamlungu, ndipo iye anati adzapita, amayi onse khumi ndi awiri ali pambuyo pake.

Angelina anachotsa lona mochedwa n'kutsegula zenera theka lokha. Woyamba kugula anali Maud, amene anangoloza ndimu ndi chala poti mawu anali atamuthera.

Mipando yonse inabwerera m'nyumba kupatula sofa. Given anali atagona pomwepo, ndipo tsopano anali atakhala tsonga moyang'ana kumsewu, msana wake uli kuchitseko cha kantemba. Rhoda anamuuza kuti anyamuke alowetse sofayo, maminibasi akumudikira.

"Isiyeni, amai," anatero Given. "Nikali kukhalapo."