Mabuku Osungitsa kwa Anansi

Denga la laibulale ya m'deramo linkadontha kwambiri moti anthu ankati wofuna kuwerenga nthawi ya dzinja azipita ndi ambulera. Choncho amisiri atafika ndi malata atsopano, matabwa ndi penti, mayi woyang'anira laibulaleyo anavina yekha kuseri kwa mashelefu. Chimwemwecho chinazilala kapitawo atanena kuti, "Mayi, mabuku onsewa atuluke. Fumbi la simenti silisankha."

Aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi anapereka nzeru. "Tiwalonge m'makatoni, tikawatsekere m'chipinda chathu chosungiramo katundu. N'chouma, ndipo chili ndi loko."

"Nanga asenze ndani mpaka kumeneko?" analowerera mlamu wake wa mayiyo, wometa tsitsi amene pakamwa pake panali pakuthwa kuposa lumo lake. "Alamu, musadzivute. Aliyense atengeko pang'ono akasunge kwake. Mabukuwa si a tonse kodi?"

Poona kuti njira ya mlamuyo inalibe thukuta, mayiyo anavomera. Tsiku lomwelo mabuku anabalalika, ena pamutu, ena m'khwapa.

Ntchito itatha, laibulale inawala ngati mkwatibwi, koma mashelefu anali mbee, ngati m'kamwa mopanda mano. Mayeso anali pafupi, ndipo ana a sukulu ankangosuzumira pawindo n'kubwerera. Mayiyo anabwereka wilibala n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

Anayambira kwa mlamu wake. Dikishonale yaikulu anaipeza pansi pa mwendo wa mpando wometera, itadzaza tsitsi.

"Mpandowu unkagwedera, alamu," anatero wometayo mopanda manyazi. "Chiikireni bukuli pamenepa, sindinachekeponso khutu la munthu. Mukalichotsa, magaziwo akhale pa inu."

Kwa telala zinaposa pamenepo. Buku la mapu linali litawonda ngati lodwala, chifukwa masamba ake ankadulirapo mapatani.

"Pepala lake n'lolimba bwino, mayi," anatero telalayo akuloza diresi. "Nyanja yaikulu ija ndi imene yatulutsa kolala iyi."

Atatopa, mayiyo anaima pagolosale kugula sopo. Anamukulungira m'tsamba lojambulidwa mtima wa munthu ndi mitsempha yake yonse. Mayiyo analiyang'ana n'kuzindikira kuti lachokera m'buku la sayansi limene ana ankalimbirana.

Anafika kunyumba akutentha ngati mbaula. "Mawa pamsonkhano ndikawatchula mmodzimmodzi," anauza mwamuna wake. "Anthu opanda khalidwe! Akadaona mmene ife tasungira athu."

Bamboyo anatsokomola n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

"Kodi ali kuti athu aja, bambo a ana?"

"Paja unandiyamika kuti bedi lasiya kulira," anayankha motsitsa mawu. "Unati wakwatiwa ndi mmisiri."

Mayiyo anagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Pamene panathyoka thabwa panali mulu wa mabuku a mbiri yakale, atapindika pakati ngati chishalo cha njinga. Miyezi yonseyo iye ankagona tulo tabwino pamwamba pake.

M'mawa mwake mayiyo sanatchule dzina la munthu. Anthu anangoona bamboyo akuyenda pakati pa msewu atasenza mabuku pamutu, mkazi wake ali pambuyo manja m'chiuno. Anaseka mpaka kugwira nthiti, koma aliyense atatha kuseka analowa m'nyumba mwakachetechete. Posakhalitsa mzere wa anthu osenza mabuku unatalika pambuyo pa bamboyo. Wometa anabwera pomalizira, akudandaula kuti waika njerwa koma siikufanana ndi dikishonale.

Aphunzitsi aakulu anaima pakhomo pa laibulale kulandira mabukuwo. Ena anali opanda zikuto, ena onunkha palafini, ndipo ambiri sanabwerere konse.

"Denga amisiri akonza," anatero. "Koma tsamba limene mwakulungira sopo palibe mmisiri angalibwezere. Pa mayeso mwana wanu akafunsidwa za mtima, ayankha chiyani?"

Panalibe amene anaseka. Ndiye telala anakweza mkono mwaulemu.

"Aphunzitsi, mwana wofuna kuona nyanja yaikulu ija azibwera kwanga. Patani yake ndinaisunga."

Phunziro: Chinthu cha tonse si chinthu chopanda mwini. Pokonza laibulale tiyambe taganizira kosungira mabuku, ndipo tikasungitsidwa katundu wa anthu onse timusamale kuposa wathu, chifukwa wovutika akawonongeka ndi mwana wathu yemwe.